Takashinga: bwalo la kiriketi la m'lokeshoni ya Highfield

(Kanyimbo kotsegulira)

Omvera athu nonse, kuyambira pa Liwonde, Ntaja, Nsanama, Nselema mpaka kumalire ku Nayuchi, inu a pa Balaka, Ulongwe, Phalula ndi Utale, amayi amene muli pakhonde mukusenda nandolo, abambo amene mwangoweruka kumunda, anyamata a kabaza amene mwakoleka kawailesi pa handulo, khalani nafe.

Lero tikamba za kiriketi. Eya, masewera aja amene ambiri tinangowaonera pa kanema m'nyumba zoonetsera mpira, tikudikira kuti mwini wake asinthe tchanelo atiyikire mpira wa ku England. Musazime wailesi, achimwene. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti amenewo ndi masewera a azungu ndi amwenye a m'tauni. Anthu a m'lokeshoni ina ku Harare ankanenanso chimodzimodzi, mpaka pamene bwalo linamangidwa kuseri kwa nyumba zawo. Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha, ndipo ndiibwereza: mwana amasewera masewera amene bwalo lake lili pafupi ndi kwawo.

Tiyenda motere. Choyamba tikwera basi tipite ku Harare tikaone malowo. Kenaka ndifotokoza mwachidule mmene kiriketi amaseweredwera, kuti tisasiyane m'njira. Tikatero timva mbiri ya bwalo la Takashinga, zokoma ndi zowawa zomwe, komanso masewera akuluakulu a mayiko amene achitikirapo. Pomaliza tibwerera kuno kwathu ndi funso.

Mukanyamuka pa Balaka mudzera pa Zalewa n'kukhotera ku Mwanza. Mukadinditsa pasipoti mwalowa m'dziko la Mozambique, muoloka Zambezi pa Tete, ndipo mukafika pachipata cha Nyamapanda ndiye kuti mwaponda dothi la Zimbabwe. Njira imeneyi si yachilendo kwa anthu a kuno. Agogo athu anaiyenda, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, kupita ku mafamu a fodya ndi ku migodi ya Southern Rhodesia. Ena anabwerako ndi njinga ndi jekete la suti. Ena anatchona, ndipo zidzukulu zawo zili komweko mpaka lero. M'malokeshoni akale a Harare monga Mbare, Mufakose ndi Highfield mukapeza mizikiti imene anaiyambitsa ndi anthu ochokera kuno, mukapeza gule wamkulu, mukamva mayina amene mungawamvenso pa msika wa Ntaja. Ndiye ndikamati Highfield, ambiri a inu muli ndi m'bale amene anagonako.

Highfield inamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Ndi lokeshoni ya ndale. Chipani cha ZANU chinabadwira m'nyumba ina ya momwemo mu 1963. Robert Mugabe anali ndi nyumba yake momwemo, ndipo atabwera kuchokera ku Mozambique mu 1980, khamu la anthu linakamulandirira pa malo otchedwa Zimbabwe Grounds. Pambali pa malo omwewo ndi pamene pali bwalo la Takashinga.

Tsopano, kiriketiyo amasewera bwanji? Amene munasewerapo raundasi ku pulayimale simuvutika. Matimu ndi awiri, iliyonse anthu 11. Pakati pa bwalo pali kamzere ka dothi lolimba kotalika pafupifupi mamita 20, ndipo kumapeto kwake konse kuwiri azikako timitengo titatu. Wina amaponya mpira kuti agwetse timitengoto, wina waima ndi thabwa lomenyera kuti atiteteze. Akaumenya mpira, iye ndi mnzake amathamanga kusinthana malo, ndipo akasinthana kamodzi ndiye run imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kudutsa chingwe cha m'malire, ndi ma run 4. Ukadutsa uli m'malere, ndi 6. Timitengo tikagwa, kapena mpira ukawakhidwa usanagunde pansi, womenyayo watuluka. Mipira isanu ndi umodzi amaitcha over imodzi. Pali masewera a Test amene amatha masiku asanu, pali a tsiku limodzi, ndipo pali achidule a T20 amene amatha pa maola atatu kapena kupitirira pang'ono. Basi, mukadziwa zimenezi mukhoza kukhala pansi n'kuonera.

(Kanyimbo)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za bwalo la kiriketi la Takashinga ku Highfield, m'dziko la Zimbabwe. Tsopano timve mmene linayambira.

Nthawi ya atsamunda kiriketi ku Rhodesia anali wa sukulu za azungu ndi makalabu a azungu. Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1980, timu ya dziko inakhalabe ya azungu pafupifupi yonse kwa zaka zambiri. Inali timu yabwino ndithu. Inagonjetsa Australia pa mpikisano wa dziko lonse mu 1983, ndipo mu 1992 inaloledwa kusewera masewera a Test, n'kuyamba ndi India pa Harare Sports Club. Koma mwana wa ku Highfield akafuna kusewera, azikasewera kuti? Mabwalo onse anali kutsidya, kumayadi. Munthu woyamba wakuda kusewerera Zimbabwe masewera a Test anali Henry Olonga mu 1995, papita zaka 15 chilandirireni ufulu. Olongayu anabadwira ku Lusaka. Dzina lakelo lisungeni, tilipezanso kutsogoloku.

Mu 1990 anyamata awiri, Givemore Makoni ndi Stephen Mangongo, anaganiza zoyambitsa kalabu yawoyawo. Bwalo analibe. Anayendayenda mpaka sukulu ya Churchill inawalola kugwiritsa ntchito bwalo lake, ndipo timuyo inkatchedwa Old Winstonians. Anali alendo pabwalo la eni. Nthawi yomweyo bungwe loyendetsa kiriketi m'dzikomo linali litayamba kutumiza aphunzitsi a masewerawa m'sukulu za pulayimale za m'malokeshoni, ndipo Mangongo anali mmodzi wa iwo. Ana amene aoneka kuti ali ndi dzanja ankawapezera malo ndi fizi ku Churchill. Mmera mpoyamba. Pa sukulu ya pulayimale ya Chipembere ku Highfield panali kamnyamata kakafupi, dzina lake Tatenda Taibu. M'lokeshoni yomweyo munali Hamilton Masakadza ndi Stuart Matsikenyeri. Pali azungu ena amene anaikapo mtima, makamaka Bill Flower, ndipo mwana wake Andy Flower, amene panthawi ina anali katswiri womenya mpira woposa onse padziko lapansi, anasewererako kalabu imeneyi.

Mu 2001 kalabuyo inasintha dzina n'kukhala Takashinga, itapeza malo akeake ku Highfield. Chaka chomwecho Hamilton Masakadza, ali mwana wasukulu wa zaka 17, anasankhidwa kusewera Test yake yoyamba, kulimbana ndi West Indies. Anamenya ma run 119. Pa kiriketi, kufika pa 100 munthu mmodzi ndi chinthu chimene anthu amaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo iye anali munthu wakuda woyamba wa ku Zimbabwe kuchita zimenezi pa Test. Mu 2003 timu ya West Indies itabweranso, katswiri wawo Brian Lara anapita ku Highfield kukatsegulira nyumba ya kalabuyo. Tangoganizani, munthu amene anawo ankangomuona pa kanema, waima pakati pawo m'lokeshoni. Chaka chotsatira, 2004, Tatenda Taibu anakhala kaputeni wa timu ya dziko ali ndi zaka 20 zokha, munthu wakuda woyamba kutsogolera timuyo, ndipo panthawiyo panalibe amene anatsogolerapo timu ya Test ali wamng'ono chotero.

Mwaiona mfundo ija? Ana a ku Highfield sanasinthe magazi. Chimene chinasintha n'chakuti mphunzitsi anafika pasukulu pawo, ndipo bwalo linafika pafupi ndi kwawo.

Koma ndikanakunamizani ndikanati nkhaniyi ndi yokoma yokhayokha. Walira mvula walira matope. Mu February 2003, mpikisano wa dziko lonse uli mkati, Zimbabwe inkasewera ndi Namibia pa Harare Sports Club. Andy Flower ndi Henry Olonga analowa m'bwalo atamanga kansalu kakuda pamkono, kusonyeza kuti akulira maliro a demokalase m'dziko lawo pansi pa ulamuliro wa Mugabe. Olonga panthawiyo anali membala wa Takashinga. Kalabuyo inamuchotsa. Munthu amene anatsegulira anzake chitseko anapirikitsidwa ndi kalabu ya anthu akuda anzake, ndipo mpikisano utatha anachoka m'dzikomo. Ine ndimaona kuti apa Takashinga inalakwa, ndipo mbiri yake yabwino siifafaniza tsiku limenelo.

Ukaputeni wa Taibu nawonso unabwera ndi mkangano. Mu 2004 akuluakulu a bungwe anamuchotsa kaputeni Heath Streak, osewera ambiri achizungu n'kunyanyala, ndipo anyamata amene anali asanakhwime anaponyedwa m'madzi akuya. Pa masewera ena ndi Sri Lanka timu yonse inatuluka itangopeza ma run 35, manyazi osaneneka. Taibu mwiniwake anatula pansi udindo mu 2005 atakangana ndi oyendetsa masewerawa. Anthu ena ku Zimbabwe amadandaula kuti Takashinga inadzakhala ndi mphamvu zambiri posankha timu ya dziko. Makoni uja anadzakhala mkulu woyendetsa bungwe lonse la Zimbabwe Cricket, Mangongo anadzakhala kochi wa timu ya dziko. Amene dzulo ankagogoda pachipata, lero ndiwo asunga makiyi, ndipo nawonso ayenera kufunsidwa mafunso omwe aja ankafunsa anzawo.

Komabe zipatso zinaoneka. Mu August 2014, Mangongo ali kochi, Zimbabwe inagonjetsa Australia ku Harare, koyamba pa masewera a tsiku limodzi chigonjetsereni mu 1983 muja. Amene anamaliza ntchitoyo anali kaputeni Elton Chigumbura ndi Prosper Utseya, onse awiri ana a Takashinga. Utseya ndiye anamenya mpira womaliza, n'kuuulutsa kunja kwa chingwe.

(Kanyimbo)

Muli nafe omvera a ku Machinga ndi Balaka, ndipo tafika pa masewera a mayiko amene achitikira pabwalo la Takashinga lenilenilo.

Mu June ndi July 2023 dziko la Zimbabwe linachititsa mpikisano wa matimu 10 olimbirana malo awiri otsala ku mpikisano wa dziko lonse wa ku India. Mabwalo anali anayi, awiri ku Bulawayo, awiri ku Harare, ndipo limodzi mwa iwo linali Takashinga. Pa 18 June bwaloli linaona masewera ake oyamba a mayiko a tsiku limodzi, West Indies kulimbana ndi United States. West Indies inapambana. Koma tsiku limene anthu sadzaliiwala ndi 26 June.

Tsikulo West Indies inakumana ndi Netherlands. West Indies ndi chimphona, inatenga chikho cha dziko lonse kawiri, mu 1975 ndi mu 1979. Ku Netherlands kiriketi ndi masewera a anthu ochepa. West Indies inayamba kumenya, Nicholas Pooran n'kupitirira 100 yekha, timu yonse n'kupeza 374. Nambala imeneyi pa masewera a tsiku limodzi ndi phiri. Aliyense anati zatha. Koma a Netherlands anayamba kulikwera phirilo pang'onopang'ono, Teja Nidamanuru naye n'kupitirira 100, ndipo mpira womaliza utaponyedwa, nawonso anali pa 374. Ndendende. Osaposa, osachepera.

Zikatero amachita zimene amazitcha Super Over: timu iliyonse ipatsidwa mipira isanu ndi umodzi yokha, amene apeze zambiri wapambana. A Netherlands anatumiza Logan van Beek. Woponya anali Jason Holder, chimunthu chachitali, kaputeni wakale wa West Indies. Mpira woyamba, van Beek anaumenya, 4. Wachiwiri, m'malere, 6. Wachitatu, 4. Wachinayi, 6. Wachisanu, 6. Womaliza, 4. Palibe ndi umodzi womwe umene unatsala m'bwalo. Zonse pamodzi 30. Ndiye mukhoza kuganiza kuti munthuyo akapuma, wagwira ntchito. Ayi. Anavula zotetezera miyendo, n'kutenga mpira kuti aponye yekha, ndipo anatulutsa anthu awiri a West Indies atangopeza 8 basi. Chinanso chokometsa nkhaniyi, agogo ake aamuna a van Beek, a Sammy Guillen, anasewererapo West Indies yomweyo kalekale, asanasamukire ku New Zealand.

Patangopita masiku ochepa West Indies inagonjanso kwa Scotland, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri inalephera kupita ku mpikisano wa dziko lonse wa masewera a tsiku limodzi. Anapita ndi Sri Lanka ndi Netherlands. Brian Lara anatsegulira nyumba ya kalabu ija mu 2003, ndipo patatha zaka 20 timu yake inadzapunthwira pakhomo pomwepo, dziko lonse likuonera pa kanema, kuseri kukuoneka madenga a nyumba za ku Highfield.

Nanga ife a Malawi tikulowapo pati? Tilimo, kungoti nkhani zake sizimveka kwambiri. Kwa zaka zambiri osewera athu ankaphatikizana ndi a Tanzania ndi Zambia m'timu imodzi ya East and Central Africa. Mu 2019 bungwe la kiriketi la dziko lonse la ICC litalola kuti masewera a T20 a mayiko ang'onoang'ono aziwerengedwa mofanana ndi a mayiko akuluakulu, Malawi inaitana Mozambique mwezi wa November, amuna ndi akazi omwe, ndipo matimu athu onse awiri anapambana. Mu 2024 ku Dar es Salaam anyamata athu anakhala achiwiri, kumbuyo kwa Tanzania, pamwamba pa Ghana, Cameroon, Lesotho ndi Mali. Zimenezi zinawapatsa malo ku ndime yomaliza ya mu Africa, imene inachitikira ku Harare mu 2025 pa mabwalo awiri, Harare Sports Club ndi Takashinga. Kumeneko anadutsa ndi Zimbabwe ndi Namibia, ife tinabwerako. Koma mbendera yathu inali pakati pa mayiko 8 otsala mu Africa yense. Mayina monga Moazzam Baig, Sami Sohail, Gift Kansonkho ndi Donnex Kansonkho ndi oyenera kuti tiziwadziwa. Palinso Daniel Jakiel, amene anayamba wasewerera Zimbabwe mu 2019, kenaka n'kudzavala yunifolomu ya Malawi. Njira ija ya pa Nyamapanda imayendedwa mbali zonse ziwiri.

Tsono tamverani kumene masewera athu a mu 2019 anachitikira: Lilongwe Golf Club, Indian Sports Club ku Blantyre, ndi sukulu ya Saint Andrews ku Blantyre komweko. Masiku ano kulinso bwalo la TCA Oval, limene mu 2025 linalandira matimu a Tanzania, Bahrain ndi Germany. Nalonso lili ku Blantyre. Mwamvapo Liwonde pamenepa? Mwamvapo Balaka? Mwana wa ku Nsanama akhoza kukhala ndi mkono woponya mwala n'kugwetsa bwemba pansonga penipeni, koma palibe adzadziwe, chifukwa mwana amasewera masewera amene bwalo lake lili pafupi ndi kwawo.

Ndiye bwalo la kiriketi limafuna chiyani? Apa tisanamizane, la mayiko ndi lodula. Kamzere ka pakati kaja amakapanga ndi dothi lakuda lomata, la mtundu wa makande amene alimi a thonje kuno mumawadziwa bwino, aja amaterera mvula ikagwa n'kung'ambika ming'alu dzuwa likawomba. Amalithirira, kubzalapo kapinga, kumumeta mpaka pansi, kenaka n'kuyendetsapo chitsulo cholemera chogudubuza, kupita ndi kubwera, masiku angapo, mpaka dothilo lilimbe kuti mpira uzinjanja bwino. Likauma kwambiri limang'ambika, mpira n'kumapita kumene wafuna. Likanyowa, mpira umafera pansi. Munthu wosamala kamzereka ndi mmisiri, ndipo amafuna madzi chaka chonse. Inu a ku Balaka, amene mwezi wa October mumapanga mzere pa mjigo kusanache, mukudziwa kuti kuthirira kapinga si nkhani yoyamba kuiganiza.

Koma Takashinga sinayambe ndi kapinga. Inayamba ndi bwalo lobwereka ndi aphunzitsi oyenda m'sukulu za pulayimale. Poyambira pamangofunika kamzere ka simenti koyalapo mkeka wake, ndipo pali mayiko ang'onoang'ono ambiri amene amasewera masewera ovomerezeka pa kamzere kotere. Mpira weniweni wa kiriketi ndi wolimba, wachikopa, umapweteka, n'chifukwa chake womenya amavala chisoti ndi zotetezera miyendo. Koma ana a ku Pakistan amangotenga mpira wa tenesi n'kuukulunga ndi tepi ya magetsi, ndipo akatswiri awo ambiri anayambira pamenepo. Thabwa, kalipentala wa pa Liwonde akhoza kusema. Timitengo titatu, nsungwi zilipo. Bwalo la mpira wa miyendo limene lili pasukulu iliyonse likhoza kugwira ntchito ziwiri, ndipo atsikana amasewera mofanana ndi anyamata. Chimene chimasowa kwambiri ndi munthu wodziwa malamulo amene angamabwere Lachitatu lililonse osatopa, zaka ndi zaka.

Ena mudzati, tili ndi mavuto ambiri, za kiriketi n'zachiyani? Funso limenelo ndi lomveka, ndipo sindilinyoza. Mwina kwanuko chosowa ndi bwalo la ntchemberembaye, mwina ndi malo othamangirapo. Ndikufuna tiganizire izi usiku uno tikamadya nsima. Pasukulu imene mwana wanu amaphunzira, pali bwalo la masewera angati? Kodi bwalolo likadalipo lonse, kapena mbali ina analimapo chimanga, mbali ina anaumbapo njerwa? Inu a mfumu, inu a komiti ya sukulu, pakabwera mnyamata kapena mtsikana ndi thabwa ndi mpira kudzapempha malo monga anachitira Makoni ndi Mangongo pa sukulu ya Churchill, mudzamuyankha chiyani? Ndipo inu agogo amene munakhalako ku Highfield kapena ku Mbare, tiuzeni, ana a kumeneko ankasewera chiyani m'misewu nthawi yanu?

Mu 2027 mpikisano wa dziko lonse wa kiriketi udzachitikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, ndiye masewera ena adzakhala ulendo wa tsiku limodzi pa basi kuchokera pa Mwanza. Tilembereni kapena tiimbireni foni mutiuze maganizo anu, tidzawawerenga m'pulogalamu ya sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. 

(Kanyimbo kotsekera)